Tasonkherana mabanja 14 kuti tigule esiteti ku Thyolo tizikhala limodzi, kodi tipereke dipoziti?

Mayi wina wa ku Luchenza amene akugwira ntchito ku Johannesburg wafunsa motere: "Tilipo mabanja 14, ena tili kuno ku Joni ena ali ku Blantyre, tinadziwana ku tchalitchi ndipo takhala tikusonkha ndalama zaka zinayi. Taona esiteti ikugulitsidwa mbali ya ku Thyolo, mahekitala 180. Akuti pali nyumba zogona anthu ambiri, khitchini yaikulu yophikira pamodzi, holo, sola, mjigo wa pampu, damu, bayogasi, makola a ng'ombe ndi nkhalango ya bulugama. Tikufuna tizikhala ngati mudzi umodzi, tiziweta ndi kulima tokha osadalira ESCOM kapena fetereza wogula. Ogulitsa akuti tipereke dipoziti mwezi uno chifukwa aliponso ena akuwafuna malowo. Tipereke?"

Achemwali, dipozitiyo musapereke kaye. Maganizo anuwo ndi abwino ndipo ine ndikufuna atheke, mabanja 14 kusunga ndalama zaka zinayi osabalalika si zamasewera, nde ndi chifukwa chake sindikufuna thukuta lanulo lipite pa zithunzi za pa WhatsApp. Mawu oti aliponso ena akuwafuna ndawamva kambirimbiri pa zaka zimene ndakhala ndikuyenda pa nkhani za minda ndi malo kunoko, ndipo esiteti ya mahekitala 180 sigulidwa ngati thumba la makala, wogula aliyense wozindikira amatenga miyezi.

Zimene zakukopani, sola, bayogasi, khitchini, holo, ndi zinthu zazing'ono kwambiri pa malonda amenewa. Zonsezo mutha kumanga nokha pa malo ena alionse. Chimene simungamange nokha ndi mbiri ya nthakayo komanso anthu amene azungulira malowo, ndipo ku Thyolo kuno ukagula esiteti wagula zimenezo.

Inu ndinu mwana wa konkuno nde mukudziwa kale, koma anzanu ena mwina sakudziwa. Malo ambiri a maesiteti ku Thyolo ndi ku Mulanje anapita m'manja mwa azungu m'zaka za m'ma 1890, pamene Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda, ankapereka mapepala otchedwa Certificate of Claim kwa anthu amene ankati anagula malo kwa mafumu, nthawi zambiri ndi nsalu ndi mikanda. Agogo athu, makamaka Alomwe amene ankalowa kuchokera ku Mozambique, anakhala pa malo amenewo pa thangata, kugwira ntchito pa esiteti kuti uloledwe kumanga nyumba ndi kulima kamunda. Mu 1953 kunabuka zipolowe zimene zinayambira pa esiteti ina ku Thyolo konkuno pa nkhani ya malalanje, anthu anafa, ndipo gwero lake linali malo. Mu 2016 munamva za a Vincent Wandale ndi bungwe la People's Land Organisation, anthu analowa ndi makasu m'malo a esiteti amene ankati akungokhala osalimidwa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 700,000 m'boma la Thyolo lokha, oposa 400 pa sikweya kilomita iliyonse, ndipo chiwerengero chimenecho chikuphatikiza malo onse a tiyi m'mene simukhala anthu, nde kumidziko kuthinana kwake ndi koopsa. Mabanja ambiri alibe olo ekala imodzi yathunthu, akulima m'mapiri motsetsereka moti khasu likakupulumuka ukalitola kumtsinje.

Ndiye taganizani, mahekitala 180 ndi maekala pafupifupi 445, ndipo mukubwera mabanja 14 okha. Kuseri kwa waya kuli midzi ya mabanja mazanamazana opanda polima. Malo otere sangakhale opanda munthu, ndikunenetsa. Muli njira imene ana amadutsa popita kusukulu, muli kasupe amene amayi amatungapo madzi chilimwe, muli pamene amatola nkhuni, m'mphepetemo muli timinda ta chinangwa ndi nandolo timene wina wakhala akulima zaka 15, ndipo kawirikawiri muli manda. Wogulitsa sakuuzani zimenezi, mwinanso iye anasiya kalekale kufika kumapeto kwa malo ake.

Chochita choyamba chilibe mtengo waukulu. Tumani anthu atatu kapena anayi a gulu lanu, pakhale mayi pakhalenso bambo, akayende malire onse wapansi, osati pagalimoto ya wogulitsa. Tsiku lina apite okha kwa nyakwawa za midzi yonse yoyandikana, kenako kwa a gulupu, mpaka kwa a T/A, mwaulemu wake monga timachitira, akadzidziwitse ndi kufunsa kuti malo awa mumawadziwa bwanji, pali dandaulo lanji, mwini wake mumakhala naye bwanji. Mafumu ndi madoda a m'mudzi amakumbukira zinthu zimene sizinalembedwe pena paliponse. Akacheze ndi alonda, akacheze ndi amayi pa mjigo. Mukamva kuti mitengo imadulidwa usiku, udzu umatenthedwa chaka ndi chaka, ng'ombe zinatemedwapo, dziwani kuti pali mkwiyo wakale ndipo mkwiyowo mudzaulandira inu tsiku lolandira makiyi, olo muli Amalawi anzawo. Sindikunena kuti muthawe, ndikunena kuti mulowe mukudziwa kuti mbali ina ya malowo mudzagawana nawo mwanjira ina, kaya kuwasiyira njira ndi kasupe, kaya kuwabwereketsa timinda polemberana bwinobwino pamaso pa mfumu, kaya kuwaika patsogolo pa ganyu ndi ntchito. Amene amafika ndi waya waminga ndi agalu amawononga ndalama zambiri pa alonda kuposa zimene akanataya pogawana.

Za manda ndibwerezeko chifukwa anthu a m'tauni amaziona mopepuka. Ngati muli manda m'katimo, eni ake adzabwera kudzaika maliro ndi kudzalambula, ndipo simungawaletse. Gwirizanani za njira yake musanagule.

Tsopano mapepala. Funso loyamba kwa wogulitsa ndi lakuti malowa ndi a freehold, kutanthauza akeake mpaka kalekale, kapena a lizi, kutanthauza obwereka kwa zaka zowerengeka. Maesiteti akale ambiri a tiyi ndi a freehold, koma ambiri amene anatsegulidwa pambuyo pa ufulu ndi a lizi yochokera ku boma, ndipo lizi ya ulimi kawirikawiri imakhala ya zaka 21. Ngati ndi lizi onani kuti inayamba liti, yatsala zaka zingati, ground rent, lendi ya malo yopita ku boma, ikulipidwa kapena pali ngongole ya zaka zambiri, komanso lizi imanena kuti malowo ndi ogwiritsa ntchito yanji, chifukwa malo amene anaperekedwa kuti ndi a ulimi simungangodzuka n'kumangapo mudzi wa nyumba 14 ndi sukulu osapempha chilolezo chosintha. Pezani loya wanu, wanuwanu, osati amene wakupezerani wogulitsa kapena ejenti. Loyayo akapange search ku ofesi ya Lands ku Blantyre kuti muone dzina lenileni la mwini wake ndiponso ngati malowo sanaperekedwe chikole ku banki, kapena ngati wina sanaikepo chiletso. Fotokope ya title deed imene akutumizirani pa foni si umboni wa chilichonse. Ngati mwini wake anamwalira ndipo akugulitsa ndi mwana kapena mphwake, funsani makalata a khoti omupatsa mphamvu yoyendetsa chuma cha masiye, ndipo fufuzani ngati abale ena onse akudziwa, milandu yambiri ya malo imene ndaiona inayambira pamenepa. Lembani saveya wovomerezeka akapeze mabikoni, zizindikiro za malire, ndi kuyeza, chifukwa 180 wa papepala amatha kukhala 140 pansi, kwinako kunalowa anthu kapena kunagulitsidwa kale mwakachetechete. Pogulitsana malo otere pamafunikanso kudziwitsa unduna wa za malo ndi kupeza chilolezo, pamafunika tax clearance ya ku MRA yosonyeza kuti misonkho ili bwino, pali msonkho wa stamp duty, zonsezi ndi ndalama ndi nthawi, muziwerengeretu.

Kanthu kena kokhudza inu a ku Joni. Malamulo a malo a 2016 anasinthidwa mu 2022 ndipo anakhwimitsa kwambiri nkhani yogulitsa malo kwa anthu amene si nzika za Malawi. Ngati pagulu lanu pali amene anakwatira kapena kukwatiwa ndi nzika ya dziko lina, kapena anatenga unzika wa kumeneko, muuzeni loya poyambirira pomwe, asadzadziwe mapepala ali pakati.

Nyumba zogona anthu ambirizo zikundipatsa funso. Pa maesiteti ambiri nyumba zotere ndi malayini a antchito. Muli anthu panopa? Ngati muli mabanja amene agwira ntchito pamenepo zaka 20, ana awo anabadwira pompo, kwawo kwina kulibe, nde mukuti inu mukagona m'nyumbazo iwo apita kuti? Lamulo la ntchito limati munthu akachotsedwa chifukwa ntchito yatha alandire severance, ndalama yowerengedwa pa zaka zimene wagwira, palinso za penshoni ndi malipiro otsalira. Zilembedwe mu mgwirizano wa malonda kuti alipira ndani, ndipo muone ndi maso anu kuti alipidwa. Ine ndingakonde kuti ena mwa iwo muwasunge, amadziwa pamene paipi inadutsa, pamene madzi amasefukira, ng'ombe iti imavuta pobereka, zimene inu zingakutengereni zaka zisanu kuti mudziwe.

Pano ndichedwepo, chifukwa magulu ambiri sagwa ndi anthu akunja, amagwa okha. Malowo alembedwa m'dzina la ndani? Ndinathandizapo gulu lina la anthu ogwira ntchito limodzi amene anasonkherana n'kugula munda waukulu, ndipo pofuna kufulumira analembetsa m'dzina la tcheyamani wawo, munthu wokhulupirika ndithu, sanabe kanthu. Patapita zaka zochepa anamwalira mwadzidzidzi. Akuchimuna ndi akuchikazi anabwera ndi pepala lija lili ndi dzina la m'bale wawo, ndipo anzake aja analibe chogwira kupatula kabuku ka masonkhedwe. Ine ndinawachenjeza mochedwa ndipo mpaka lero zimandiwawa. Nde musalembetse m'dzina la munthu, olo akhale abusa, olo akhale inuyo. Lembetsani gulu mwalamulo, litha kukhala kopaletivu pansi pa lamulo la 1998 limene limafuna anthu osachepera 10, litha kukhala kampani ya masheya pansi pa Companies Act ya 2013, litha kukhala trust, pamene anthu osankhidwa amasunga chuma m'malo mwa gulu. Kwa anthu amene asonkha ndalama zosiyana ndipo akufuna kuchita bizinesi, ine ndimakonda kampani kapena kopaletivu, chifukwa gawo la aliyense limaoneka ndipo limatha kugulitsidwa kapena kusiyiridwa ana. Trust imayenera kwambiri ngati cholinga ndi chachifundo, koma amene akufuna kudzatuluka ndi ndalama zake amavutika nayo.

Ndipo khalani pansi, panopa pamene mukukondana, mulembe za kutuluka. Banja lina lidzatopa, lina lidzafuna ndalama za chipatala kapena za fizi, lina lidzasiya tchalitchi chanucho. Gawo lawo agula ndani, pa mtengo wowerengedwa bwanji, kulipira kwa miyezi ingati, nyumba imene anamanga ndi ndalama zawo iwerengedwa bwanji? Banja likatha amatsala ndani pamalopo? Kwathu kuno ndi kwa chikamwini, mwamuna amakakhala kwa mkazi ndipo malo amayenda ndi mbumba, koma pagulu lanu mwina pali Atumbuka kapena Asena amene kwawo zimayenda mwa chitengwa ndi malowolo, aliyense akuganiza kuti zidzayenda monga kwawo ndipo palibe amene wanena mokweza. Munthu akamwalira atsibweni adzabwera, ana a kwina adzabwera. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, koma aliyense alembe wilo ndipo malamulo a gulu anene ngati wolandira gawo akhala membala kapena angopatsidwa ndalama. Nanga ana akakula n'kukwatira amanga pati? Mabanja 14 lero ndi mabanja 40 pakatha zaka 20. Maliro anu muzidzaika kuti? Zikumveka ngati kulosera zoipa koma amene analemba zimenezi ndi amene akadali limodzi.

Palinso kusiyana kumene kudzabwere chaka choyamba chomwe, pakati pa amene asamukira pamalopo ndi amene atsala ku Joni akutumiza ma Rand. Wapamalopo adzati ine ndikudzuka 4 koloko kukama ndi kumweta nsenjere, wakutali adzati popanda ndalama zanga palibe chikanayenda, ndipo onse akunena zoona. Ikani mtengo pa ntchito, wogwira azilandira malipiro olembedwa, phindu lizigawidwa padera malinga ndi magawo. Akaunti ya ku banki ikhale ya osayinira atatu ochokera m'mabanja osiyana, lipoti mwezi ndi mwezi pagulu la WhatsApp ndi zithunzi za malisiti.

Pa zokhalira limodzi ndinene maganizo anga mosabisa, khitchini imodzi yophikira mabanja 14 tsiku ndi tsiku sindiikhulupirira. Ngakhale kumudzi kumene timadya chidyerano, mayi aliyense ali ndi mafuwa ake ndi nkhokwe yake. Mu pulojekiti ya Kudzigulira Malo imene inayamba mu 2004 ndi thandizo la World Bank, mabanja oposa 15,000, kuphatikizapo ochokera ku Thyolo ndi Mulanje, anapeza malo m'maboma ngati Machinga ndi Mangochi. Ankagula ngati gulu, pepala la malo linali la gulu, koma banja lililonse linali ndi mahekitala ake pafupifupi awiri. Tengerani pamenepo. Banja lililonse likhale ndi nyumba yake, mphika wake, dimba lake ndi nkhuku zake, pamodzi pakhale zinthu zimene munthu sangathe yekha, madzi, magetsi, ng'ombe, chigayo, galimoto, nkhalango. Khitchini yaikuluyo ndi holo muzigwiritsa ntchito Lamlungu, pa zikondwerero, pa maliro, kapena muzibwereketsa kwa a misonkhano ndi maukwati zizibweretsa ndalama.

Tibwere ku zida zija. Sola ifunseni zaka za mabatire, osati kuchuluka kwa mapanelo. Mabatire wamba a asidi amatha pa zaka ziwiri mpaka zinayi, a lithium amakhalitsa koma mtengo wake ndi wina, ndipo ogulitsa ambiri amagulitsa malo nthawi imene mabatire atopa. Kumbukiraninso chiperoni, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kuno dzuwa limatha kusowa masiku atatu anayi, nkhungu ndi kamvula kowaza basi, nde sola imene ikuwala bwino mu Okutobala mu Julayi pampu imaima ndipo mkaka umawonongeka. Ngati mawaya a ESCOM ali pafupi musawakane chifukwa cha mfundo, akhale podalira pena. Ngati pali mtsinje wotsetsereka wosaphwa funsani akatswiri za magetsi a madzi, ku Bondo ku Mulanje a kampani ya MEGA akuunikira midzi ndi madzi a mtsinje wa Lichenya, usiku ndi usana, chiperoni kapena ayi.

Madzi mukawaone mu Okutobala kapena Novembala mvula isanagwe, ndi pamene mjigo ndi damu zimanena zoona. Pampu iyende tsiku lonse muone ngati madzi sakutha. Funsani ngati pali chilolezo cha National Water Resources Authority chotunga madzi a ulimi ndi cha damu, ndipo funsani midzi ya kumunsi ngati damulo limawaumitsira mtsinje. Kenako mudzabwerenso mu Febuluwale muone msewu, chifukwa walira mvula walira matope, ndipo mkaka sudikira kuti msewu uume. Funsani anthu kuti nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 madzi ndi matope zinadutsa pati. Nyumba iliyonse imene ili kunsi kwa phiri lometedwa kapena pakamwa pa khwawa, olo ikhale yokongola bwanji, musagonekemo ana. Napolo amabwerera njira yake yakale. Khoma la damu nalonso alione injiniya.

Bulugama ndi ndalama, mafakitale a tiyi amaumitsira tiyi ndi nkhuni, komanso mapolo amagulika, koma amamwa madzi kwambiri nde amene ali pafupi ndi kasupe muwachotse pang'onopang'ono mubzale mitengo yachilengedwe. Werengani mitengoyo ndipo ilembedwe mu mgwirizano, ndaonapo nkhalango ikudulidwa pakati pa dipoziti ndi tsiku lolandira malo. Chimodzimodzi ng'ombe, mapanelo, pampu, chilichonse chimene chingakwere lole.

Za ng'ombe, kuno si ku Chikwawa kapena ku Nsanje kumene ng'ombe za nyama zimangoyenda m'tchire. Kuno chimene chimayenda ndi ng'ombe za mkaka za m'khola, ndipo mwayi wanu ndi woti msika ulipo kale, magulu osonkhanitsa mkaka a SHMPA, bungwe la alimi a mkaka, ali m'madera ngati Bvumbwe ndi Goliati. Koma ng'ombe ya mkaka ndi ntchito ya tsiku lililonse, imamwa malita 60 kapena kuposa pa tsiku, imafuna nsenjere za theka la ekala mpaka ekala yathunthu, madeya, mchere, kupopera nkhupakupa sabata ndi sabata chifukwa matenda obwera ndi nkhupakupa amapha ng'ombe za mtundu msangamsanga. Bzalani udzu kaye, ng'ombe zibwere pambuyo, ndipo yambani ndi zochepa. Bayogasi imadalira ng'ombe zomwezo, ndowe za ng'ombe ziwiri zitatu zimaphikira banja limodzi ngati wina akuthira ndowe ndi madzi tsiku ndi tsiku, nde ya mabanja 14 werengani nokha. Mukapita kukaona auzeni ayatse moto muone, zambiri zimene ndaziona pa malo ogulitsa zinauma kalekale. Madzi otuluka m'menemo ndi manyowa abwino zedi a dimba ndi nsenjere.

Zosiya fetereza zitheka koma osati chaka choyamba. Ngati mbali ina inali ya tiyi dothi lake ndi la asidi kwambiri, tiyi amakonda zimenezo koma chimanga ndi nyemba ayi, pamafunika laimu ndi manyowa kwa zaka zingapo. Tengani dothi la mbali zosiyanasiyana mukayezetse ku Bvumbwe Research Station musanagwirizane mtengo. Ngati tiyi akadalipo musathamangire kuzula, fufuzani kaye fakitale imene ingamagule masamba, chifukwa tiyi wothyola amayenera kufika ku fakitale tsiku lomwelo. Makademiya amachita bwino ku Thyolo koma amayamba kubereka pakatha zaka zinayi kapena zisanu ndipo kuti afike pachimake ndi zaka pafupifupi 10. Nthochi mukudziwa mmene chisaka chinathera minda ya ku Thekerani ndi Masambanjati, nde mbewu ikhale yoyera yochokera kwa alangizi, osati ana a nthochi opempha kwa neba. Zaka zoyambazo mudzadya za mkaka, tomato, kabichi, nkhuku, nkhumba, mapeyala ngati mitengo ilipo kale.

Apa ndi pamene pali funso limene sindinalione m'kalata yanu, mukalipira malowo mutsala ndi zingati? Ngati ndalama zonse za zaka zinayi zikuthera pa kugula, malowo akukulirani. Ine ndimalangiza kuti gawo limodzi mwa magawo atatu litsale la kuyendetsera zaka ziwiri zoyamba, malipiro a antchito, mankhwala a ziweto, kukonza pampu, mabatire, loya, saveya. Mabanja 14 atha kukhala bwino kwambiri pa mahekitala 40 kapena 50 olimidwa bwino, ndipo malo ochepa amene mukuwagwiritsa ntchito onse sakopa mkangano ngati tchire lalikulu longokhala. Funsani wogulitsa ngati angadule mbali, kapena ngati angakubwerekeni malowo chaka chimodzi ndi mgwirizano woti mukakhutira mugula pa mtengo umene mwagwirizana lero. Mabanja atatu kapena anayi akakhalepo dzinja limodzi ndi chiperoni chimodzi, mudzadziwa za madzi, za msewu, za aneba, ndiponso mudzadziwana nokha, chifukwa kupemphera limodzi Lamlungu ndi kutsukira limodzi khola ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Ngati search yatuluka bwino, saveya wapeza mabikoni, mafumu mwakumana nawo, gulu lalembetsedwa, apo dipoziti itha kuperekedwa, koma ipite ku akaunti ya loya imene amasungira ndalama za makasitomala, ndi kalata yonena kuti ibwezedwa yonse ngati chilolezo cha boma sichituluka kapena papezeka vuto pa mapepala. Osatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba ya ejenti, olo akulonjezeni kuti akuchotserani mtengo. Sabata ino muwayankhe ogulitsawo kuti mukufuna nambala ya title deed, mapu a saveya ndi malisiti a ground rent ngati ndi lizi, ndipo muwauze tsiku limene anthu anu abwere kudzayenda malire. Mukalandira zimenezo mundilembere, mundiuzenso kuti m'nyumba zija muli anthu kapena mulibe.